Kodi mu Novembala mbalame zimakhalapo ku Algonquin?

Funso: Ndimakhala ku Toronto ndipo ndikufuna kukaona mbalame ku Algonquin Provincial Park mu Novembala. Anzanga akuti zonse zimakhala zitathawa kuzizira. Kodi ndikaonako kanthu?

Yankho: Pitani ndithu, musagwe ulesi. N'zoona kuti mbalame zambiri zodya tizilombo zimakhala zitasamukira kummwera, koma zotsalazo ndiye zimene anthu amaziyendera mtunda wautali. Komanso masamba akayoyoka, kuziona sikuvuta.

Yoyamba kuifunafuna ndi Canada jay, mbalame yotuwa yosaopa anthu. Iyi siisamuka chifukwa imadzisungira chakudya: imachimata ndi malovu ake m'makungwa a mitengo, ndipo kuzizira kumathandiza kuti chisaole. Ndi nkhokwe imeneyi, imatha kuikira mazira mu Malichi chipale chikadali mbuu. Ina ndi spruce grouse, yooneka ngati nkhwali, imene m'nyengo yozizira imadya timasamba tosongoka ta mitengo ya spruce ndi paini. Mukamva kugogoda pamtengo wouma, yang'anitsitsani, mwina ndi gogomole wakuda msana. Mbalame za crossbill zimachuluka chaka chimene mitengoyi yabereka njere zambiri.

Msewu wa Highway 60 umadutsa m'pakiyi makilomita 56. Yambirani pa Spruce Bog Boardwalk ndi Opeongo Road. Gulani chilolezo, valani zovala zochindikala, ndipo lawirirani chifukwa dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Kukamada yendetsani galimoto mosamala, poti nyama zikuluzikulu za moose zimadutsa pamsewu.