Phunziro: Kuteteza Nkhalango ya Pamunda ku Moto wa Lupsa

Alimi ambiri a kuno ku Madzimoyo ndi m'midzi yozungulira Chipata ali ndi kachigawo ka thengo m'mphepete mwa munda, kumene amapezako nkhuni, mitengo yomangira, luzi, bowa, masuku ndi uchi. Chaka ndi chaka chuma chimenechi chimapserera mu Seputembala ndi Okutobala, pamene osaka mbewa, ofula njuchi ndi otentha mapesi amalekerera moto kuthawira kutchire. Mlimi amene afuna kusiyira ana ake mitengo ayenera kudziwa kusiyana kwa moto wa msanga ndi moto wochedwa.

Zimene anapeza ku Ndola

M'chaka cha 1933 akatswiri a zankhalango anapatula zigawo za thengo la miombo ku Ndola. Zina ankazitentha kuchiyambi kwa chilimwe, zina mu Okutobala, ndipo zina sankazitentha konse. Colin Trapnell anafalitsa zotsatira zake mu 1959. Kumene kunkapsa mochedwa, mitengo ya mombo ndi mchenga inatha pang'onopang'ono, pakutsala udzu wautali ndi mitengo yochepa yopirira moto, monga mlombwa. Kumene kunkapsa msanga, nkhalango inakhalabe chiimire.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala ukadali ndi chinyezi, motero moto umayenda pansi, umadumpha malo ena, ndipo umazima wokha mame akagwa. Pofika Okutobala udzu wauma gwa, mphepo ikuwomba, ndipo mitengo yatulutsa masamba anthete. Malawi amakwera mpaka kunsonga, amapha mphukira ndi timitengo tating'ono, nasiya nthaka yambee, imene mvula yoyamba imaikokolola.

Ntchito zoyenera kuchita

1. Lambulani mseu wotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse mu Epulo kapena Meyi, nthaka ikadali yofewa. Ukhale wa mamita osachepera 5 m'lifupi, ndipo udzu wolambulawo muuchotsemo.
2. Mwetani udzu wofolera nyumba musanatenthe. Udzu ukachepa, moto umachepanso mphamvu.
3. Dziwitsani amfumu ndi anansi anu za tsiku lotentha, ndipo muitane anthu okwanira, aliyense ndi nthambi zaziwisi zozimira moto.
4. Tenthani mu Meyi kapena Juni, m'mamawa kapena madzulo, mphepo itadekha. Yambirani kumbali kumene mphepo ikulowera, kuti moto uziyenda molimbana nayo. Musachoke zitsa zikadali kufuka.
5. Gawani nkhalango m'zigawo, ndipo chigawo chimene munadulamo mitengo posachedwa chisapse kwa zaka zingapo, kufikira mphukira zitapitirira msinkhu wa munthu.

Kusamala mitengo yeniyeniyo

Miombo imaphukanso pachitsa, choncho kadulidwe kali ndi kanthu. Dulani pafupi ndi nthaka, mopendeketsa, kuti madzi asakhazikike pachitsa ndi kuchiwoletsa. Mphukira zikachuluka, siyani ziwiri kapena zitatu zolimba, zotsalazo zikhale nkhuni. Sungani mitengo ikuluikulu yowongoka kuti izigwetsa mbewu, ndipo musiye misuku ndi mipundu. Nthambi zouma musaziunjike patsinde pa mtengo wamoyo, pakuti mulu wotere umawotcha khungwa. Kumbukiraninso kuti bowa wambiri wa m'thengo amakhala m'mizu ya miombo, motero mitengo ikatha ndiwo imeneyi imathanso.

Lamulo la Zankhalango la 2015 limalola midzi kupanga magulu osamala nkhalango zawo. Amene mufuna kugwirizana ndi anansi pa ntchitoyi, kafunseni ku ofesi ya zankhalango ku Chipata, pakuti moto sudziwa malire a munda.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani moto wa mu Okutobala umawononga koposa wa mu Juni?
2. Jambulani mapu a munda wanu, musonyeze kumene moto umachokera chaka ndi chaka ndi pamene mseu wotchinga moto udzadutse.