Soya: Mwafunsa, Tikuyankha

Woulutsa: Poti anthu angokolola kumene, makalata ambiri sabata ino akukamba za soya. Tili ndi mayi athu, katswiri wa kadyedwe koyenera. Mayi, yoyamba yachokera ku Mchinji. Mayi wina akuti anagayitsa soya n'kuphikira ana phala, koma ana akulikana chifukwa cha fungo, ndipo amene alawa akufufuma m'mimba. Walakwitsa pati?

Katswiri: Ndikuona ngati soyayo anapita naye kuchigayo ali wamuwisi. Soya wamuwisi amakhala ndi zinthu zotchedwa trypsin inhibitors, zomwe zimalepheretsa m'mimba kugaya zomanga thupi. Mwana amadya ndithu, koma zabwinozo zimangodutsa. Mwayi wake, zinthu zimenezi zimatha mphamvu ndi moto. Fungo lija nalo limabwera njere zosweka zosaphika zikakhudzana ndi madzi ozizira.

Ndiye mayi a ku Mchinji, chitani chonchi. Sankhani soya wanu, miyala ndi njere zachuku mutaye. Terekani madzi abwate kaye, kenako muzithiramo soya wouma pang'onopang'ono kuti madziwo asasiye kubwata, awire mphindi 30. Mukatsanula, mutikiteni ndi manja m'madzi, muona makoko akuyandama pamwamba. Yanikani pamphasa mpaka njere izilimba mukailuma. Pogayitsa, makapu 4 a chimanga muphatikize ndi kapu imodzi ya soya. Ndiwo muyeso wa Likuni Phala umenewo. Ntchito yake ilipo, inde, koma pa magalamu 100 a soya wouma, pafupifupi 36 ndi zomanga thupi, pomwe nyemba wamba zimangopitirira pang'ono 20. Ufa wa soya yekhayo mutha kutendera nkhwani m'malo mwa nsinjiro.

Woulutsa: Iyi ndi ya bambo wina wa ku Kasungu, ndipo wapempha kuti dzina tisatchule. Akuti anzake pabawo amuuza kuti soya ali ndi mahomoni a akazi, mwamuna akamudya pafupipafupi amagwa m'papaya. Panopa waletsa nyama ya soya pakhomo pake.

Katswiri: Bambo, chotsani chiletsocho, mukuwamana ana ndiwo zabwino. Koma ndifotokoze komwe mphekeserayi inachokera. Mu soya muli tizinthu tachilengedwe totchedwa isoflavones. Todziwika kwambiri ndi genistein ndi daidzein. Kapangidwe kake n'kofananako ndi estrogen, homoni imene imachuluka mwa amayi. Kufananako si kukhala chinthu chimodzi. Mphamvu yake m'thupi la munthu ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi estrogen weniweni. Mu 2010, komanso mu 2021, akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambiri amene anachitika pa amuna, ndipo anapeza kuti kudya soya sikutsitsa testosterone, homoni ya chimuna ija. Ndipo tangoganizani, ku China ndi ku Japan akhala akudya soya kwa zaka mazanamazana, monga tofu ndi miso. Kodi kumeneko mitundu inatha?

Chimene ndingakuuzeni n'chakuti ngati mphamvu zam'nyumba zachepadi, musanamizire mbale ya ndiwo. Kawirikawiri gwero lake limakhala shuga, BP, fodya kapena mowa. Pitani akakuyezeni.

Tizinthu tija ta isoflavones amayi ena amene akusiya kusamba timawachepetserako kutentha kwa thupi kobwera mwadzidzidzi kuja. Ndikuti "ena", chifukwa si onse amene amaona kusintha. Ine makapisozi odula a isoflavones amene amatsatsidwa pa Facebook sindiwalimbikitsa. Idyani soya weniweni wa m'munda mwanu.

Woulutsa: Wa ku Ndirande akufunsa mwachidule: kodi n'zoona kuti soya amachiza mtima?

Katswiri: Kuchiza ayi. Mu 1999 bungwe la FDA ku America linalola kulemba pa zakudya kuti magalamu 25 a zomanga thupi za soya patsiku angachepetse chiopsezo cha nthenda ya mtima, koma mu 2017 linanena kuti likufuna kubweza chilolezocho poti umboni wake sunali wofanana. Soya amatsitsa kolesitolo woipa pang'ono chabe. Phindu lenileni limaoneka akalowa m'malo mwa nyama yonona ndi masoseji. Ndipo amene muli ndi BP, chenjerani ndi timapaketi tokometsera tobwera ndi nyama ya soya, mchere wake ndi wambiri. Mankhwala anu musasiye.

Woulutsa: Yomaliza ndi ya agogo ena a ku Ntchisi. Mpongozi wawo ali ndi khanda la miyezi itatu, mkaka wa m'mawere akuti ukuchepa. Angamupatse mkaka wa soya wofinya okha?

Katswiri: Ayi agogo, chonde musatero. Mkaka wofinya pakhomo ulibe zonse zimene khanda limafuna, ndipo ungalidwalitse. Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ndi bere lokha basi. Phala la soyalo phikirani mpongozi wanuyo, amwe ndi madzi a malambe kapena adyere limodzi ndi gwafa, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu soya. Mwanayo aziyamwa pafupipafupi, usana ndi usiku, ndipo mawa lomwe mupite naye kusikelo akamuone.