PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MAI MSOSA, WOWERUZA MILANDU

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ku Malindi, ku Makanjira ndi ku Monkey Bay, alipo makolo amene amati mwana wamkazi akadziwa kulemba kalata, sukulu yakwana, akwatiwe. Makolo otere amve mbiri ya Mai Anastasia Msosa.

Mai ameneyu anabadwa m'caka ca 1950. Atatsiriza sekondale analowa ku Chancellor College, sukulu imene inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo mu 1975 analandira digiri ya malamulo. Anayamba nchito ya uloya m'Boma, nakhala akuigwira zaka zambiri. Mu 1992 anakhala mkazi woyamba m'Malawi kusankhidwa jaji wa High Court, bwalo limene limazenga milandu yaikulu monga ya kupha munthu. Pa cisankho ca zipani zambiri ca pa 17 May 1994, iwo ndiwo anali wapampando wa bungwe loyendetsa cisankhoco. Mu 2013 anakwezedwa kukhala Chief Justice, ndiye kuti mkulu wa oweruza onse m'dziko, ndipo anapuma pa nchito mu 2015.

Tawerengani zaka: kucokera pa digiri kufikira pa ujaji panapita zaka 17. Akadacotsedwa sukulu ali wamng'ono, zonsezi sizikadacitika. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosafika zaka 18.

Aphunzitsi, awerengereni ana phunziroli, ndipo mukambirane ndi mafumu za atsikana amene analeka sukulu m'mudzi mwanu.