Sungani Buku Lanu la Kuchipatala

Kodi mumamva chilungulira kawirikawiri? Kodi mumamva kuwawa pomeza nsima? Mwina m'mero mwanu mwatupa. M'mero ndi njira imene chakudya chimadzera popita m'mimba.

M'mero mumatupa pa zifukwa zingapo. Nthawi zina madzi owawasa a m'mimba amabwerera ndi kuwotcha njirayi. Nthawi zina ndi mapiritsi amene tameza popanda madzi okwanira.

Mukamva zotere pitani kuchipatala, kaya ku Kaporo, ku Chilumba kapena kuchipatala chachikulu cha boma ku Karonga. Tengani buku lanu la kuchipatala. Auzeni adokotala zinthu zitatu: tsiku limene munayamba kudwala, pamene pakuwawa, ndi mankhwala amene mwamwa kale. Musabise kanthu, ngakhale mankhwala a zitsamba.

Adokotala adzalemba m'bukumo tsiku, dzina la nthenda ndi mankhwala. Pa mapepala ena amalembanso nambala ya nthenda. Nambalazi zimachokera ku bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse. Pa mndandanda wotchedwa ICD-10, kutupa kwa m'mero ndi K20. Kubwerera kwa madzi a m'mimba ndi K21. Dokotala wa kutali akaona K20, amadziwa nthenda yanu ngakhale sadziwa Chinkhonde kapena Chitumbuka.

Zolembazi zimathandizanso polipira. Kuzipatala za mishoni ndi za anthu wamba timalipira ndalama. Funsani lisiti, ndipo onani ngati dzina lanu ndi tsiku zalembedwa bwino. Mabungwe olipirira odwala, monga MASM, amafuna pepala lolembedwa bwino asanalipire.

Chenjerani, abambo ndi amayi! Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya m'mero ndi yochuluka kwambiri. Ngati nsima ikukanirira pakhosi, kapena mukuwonda, bwererani kuchipatala msanga. Angakutumizeni ku Mzuzu. Kumeneko adokotala adzawerenga buku lija ndi kuona kuti munayamba liti. Buku likatayika, nkhani yonse imayambanso poyamba, ndipo nthawi imatha.

Tsopano mumatha kuwerenga. Musanatuluke, pemphani kuti akuwerengereni zimene alemba. Kunyumba sungani buku m'pulasitiki, kutali ndi mvula ndi chiswe.

Mafunso
1. Kodi m'mero mumatupa chifukwa chiyani?
2. Tchulani zinthu zitatu zouza adokotala.
3. Nanga buku lanu lili pati lero?