Usayambe ndi mtengo wa makina

Mphwanga, ndamva kuti physics ikukuyendera ku Zomba, ndipo mtima wako wagwera pa makina othamangitsa tinthu ting'onoting'ono ta mu atomu. Kuno ku Ntcheu ena akuseka, ati mwana wa ku Tsangano akatani nazo zimenezo. Aleke aseke. Makina otere adafika kale m'dziko muno; ndi aja a linac amene amawotcha khansa. Tsiku lina adzakuuza kuti ulembe bajeti yake, kapena ya kafukufuku wako, ndipo dzanja lidzathamangira kulemba mtengo wa makinawo n'kuganiza kuti ntchito yatha. Mlimi wa kachewere amene wawerengera mbewu yokha, osaganiza za feteleza, matumba ndi lole yotsitsira katundu ku msewu wa M1, timamudziwa mathero ake.

Taona m'mene tayendera ife. Malawi adalowa m'bungwe la dziko lonse loona za mphamvu za atomu la IAEA mu 2006, lamulo loyendetsa mphamvu za atomu lidabwera mu 2011, koma chipatala cha boma cha khansa pa Kamuzu Central ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 2025. Anzathu a ku Lusaka anali nacho chawo kuyambira 2007. Zaka zonsezo odwala ankadikira ulendo wa ku India, ndipo amayi ambiri a khansa ya khomo la chiberekero sadaupeze ulendowo. Ndikamati dongosolo ndikunena miyoyo ya anthu.

Chipinda chiyambe. Linac imakhala pakati pa makoma a konkire okhuthala pafupifupi mamita 2 kumbali imene cheza chake chimalunjika, ndipo a AERA, bungwe loyang'anira za mphamvu za atomu m'dziko muno, sapereka chilolezo khomalo lisanayezedwe kuti silikudutsitsa cheza. Makina akafika chipinda chisanathe amangokhala m'mabokosi, chinyezi chikulowa, walanti ikutha. Ndiye womanga, wogula ndi wopereka chilolezo azikhala pa tebulo limodzi mwezi ndi mwezi, ngakhale atamatopetsana.

Magetsi usawakhulupirire. Mu January 2022 namondwe Ana adawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Makina a linac sagwirizana ndi kuthimathima, komanso amafuna madzi oziziritsa osalekeza. Lemba jenereta, lemba dizilo wa chaka chonse, lembanso amene azidzuka usiku jeneretayo ikakana kulira. Mzere wa dizilowu ndi umene akuluakulu amayamba kudula pa msonkhano, poti sumaoneka pa chithunzi cha tsiku lodula riboni. Uukanirire.

Pa ndalama ndiye pamene ambiri amagwera. Masipeya, katswiri wokonza wochokera kunja, tikiti yake ya ndege, mgwirizano wa chaka ndi chaka wosamalira makina, zonsezi n'za madola ndi mayuro. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo bajeti zolembedwa m'makwacha okha zidasanduka mapepala wamba. Chogulidwa kunja uchilembe m'ndalama yakunja, uikenso yapadera ya zadzidzidzi. Anthu nawonso uwatumize kusukulu maziko asanakumbidwe, chifukwa katswiri woyeza cheza saphunzitsidwa m'miyezi itatu. Akakupatsa makina a cobalt-60 ngati mphatso, uthokoze ndithu, koma udziwe kuti mphamvu yake imatsika ndi theka pakatha zaka 5 ndi miyezi yochepa. Ufunse pompo kuti cobalt yatsopano adzagula ndani, yakaleyo adzaibweza ndani. Ku Goiânia, ku Brazil, anthu anayi adafa mu 1987 chifukwa cha makina a caesium-137 amene adangosiyidwa m'chipatala chakale.

Ukadzafuna kafukufuku weniweni wa mkati mwa atomu, malo apafupi ndi iThemba LABS pafupi ndi Cape Town, kumene kuli makina aakulu othamangitsa tinthu tija otchedwa cyclotron. Kumeneko sugula makina, umapempha nthawi. Komiti imawerenga pempho lako n'kukugawira masiku ochepa, ndipo akadutsa iwe ukulimbana ndi waya, wina ali kale pa mzere. Usanyoze waya: ku CERN mu September 2008 polumikizira pamodzi pakati pa maginito awiri padalakwika, makina awo aakulu a LHC onse n'kuima kupitirira chaka. Zida zako zonse uziyese usanakwere ndege. Ma detector a germanium amafuna nayitrojeni wamadzi kuti azikhala ozizira, choncho udziwiretu amene akulipira ndi amene azithira usiku. Kachitsulo kopyapyala kamene mtsinje wa tinthu tija umakamenya kamang'ambika msanga, ndipo isotope yopangira kameneko ndi yodula, imatenganso miyezi kuti ifike. Uyitanitse koyambirira, ndipo ukapange tiwiri kapena titatu.