ZA "MALUNGO OBISALA": LEKANI KUMWETSA ANA LA

Uthenga kwa makolo, agogo ndi onse olera ana a zaka 10 mpaka 19

Pamzere wa odwala pachuluka anyamata ndi atsikana odandaula mutu, m'mimba, msana, chizungulire, kufooka ndi mtima kuthamanga. Ambiri tikawayeza, malungo sapezeka. Apa ndi pomwe pabuka mphekesera yoti kachipangizo kathu koyezera malungo sikaona "malungo obisala". Kholo likungotuluka pachipatala, ulendo wa kogula LA, mankhwala a malungo.

Ngati magazi sanaonetse malungo, MUSAM'PATSE MWANA LA.

Chifukwa chake n'chiyani?

LA amapha tizilombo ta malungo, basi. Sachiza mantha, sachiza njala, sachiza chisoni. Pakakhala chikayiko pa zotsatira, ifeyo timayezanso magazi ku labotale kapena timakuuzani tsiku lobweranso. Woganiza zimenezi ndi wachipatala, osati wogulitsa mankhwala pamsika, osatinso aneba amene mwana wawo "anachira nawo".

Akuluakulu mukukumbukira kuti chloroquine anasiya kugwira ntchito, boma n'kumusiya mu 1993. Fansidar naye anafooka, ndipo mu 2007 m'malo mwake munalowa LA. Kumwa mankhwala a malungo mwachisawawa kumathandiza kuti tizilombo tiwazolowere. Kodi LA akatha mphamvu, tidzawapatsa chiyani ana a malungo enieni?

Ena mwana yemweyo mwamumwetsa LA mwezi uno, mwezi watha ndi mwezi winawo, mutu osaleka. Mwabweranso kudzatiuza kuti malungo abisala. Chonde, makolo anzathu. Mankhwala akakanika kangapo konseko, vuto lili pena. MUSAM'PATSENSO LA. Panado, Brufen ndi aspirin wa tsiku ndi tsiku nayenso ayi. Panado wochuluka amawononga chiwindi, Brufen ndi aspirin amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, ndipo kumwa mankhwala a ululu pafupipafupi kumabweretsanso mutu womwewo.

Nanga mwana akudwala chiyani?

Nthawi zambiri thupi limakhala likunena zomwe pakamwa pakuopa kunena. Munthu akakhala pa mantha kapena nkhawa, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika, mutu n'kuyamba kuwawa. Ubongo ndi matumbo n'zolumikizana ndi mitsempha, n'chifukwa chake m'mimba mumapota kapena kutsegula. Kupuma mofulumira kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala, ena mpaka kukomoka. Zikakhala za tsiku lililonse, tulo timasowa, chakudya sichilowa.

Ululu umenewu ndi weniweni. Mwanayo sakunamizira, si ulesi, ndipo sanalodzedwe.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Zomwe zimawapsinja ana athu mukuzidziwa: ndewu za makolo, bambo kubwera ataledzera, maliro a kholo, kusamukira kwa achibale, kupita kusukulu ndi njala, kubwezedwa chifukwa cha fizi, kuzunzidwa ndi anzawo ku boding'i, mantha a mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE, kugwiriridwa, kukakamizidwa ukwati. Ana ena amene anaona madzi ndi matope a namondwe Freddy mu Malichi 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe amanjenjemerabe mvula ikayamba. Zonsezi LA angazichize?

Zoti muchite

Bwerani naye kuchipatala ayezedwe kaye. Matenda ena monga kuchepa kwa magazi, likodzo, vuto la maso ndi ululu wa msambo nawonso alipo, ndipo tiyenera kuwafufuza.

Onani nthawi yomwe amadwala. Kodi ndi Lolemba m'mawa? Mayeso akayandikira? Munthu wina wake akafika pakhomo? Mutiuze zimenezi.

Khalani naye pansi awiriwiri, mumufunse modekha kuti, "Mwanawe, chikukusautsa n'chiyani?" Akayamba kulankhula musamudule, musamukalipire, musamuopseze ndi chikwapu. Akakuopani inuyo, ayankhule ndi azakhali, amalume kapena mphunzitsi amene amamukhulupirira.

Tikapempha kuti ticheze naye payekha, tulukani. Si mwano. Pali zina zomwe mwana sanganene mayi ake ali pomwepo.

Asasiye sukulu. Kambiranani ndi aphunzitsi.

Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati:
watentha thupi kwambiri, khosi lauma kapena akukomoka ndi kuphupha;
akusanza chilichonse, kapena masanzi ndi chimbudzi zili ndi magazi;
akuwonda msanga, kapena msambo waleka;
akunena zofuna kufa kapena kudzipha. Mawu amenewa si nthabwala. Musamusiye yekha, ndipo mankhwala a makoswe, a m'munda ndi mapilitsi onse muwatsekere.

Kopeza thandizo

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena gawo lothandiza achinyamata pachipatala chapafupi. Pakafunika, timatumiza kwa anamwino oona za matenda a maganizo kuchipatala cha boma, ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupitako sikutanthauza kuti mwana wachita misala.

Ngati mwana wachitidwa nkhanza, imbani 116 mwaulere kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa m'malamulo a dziko lino.

Kupewa: mwana adye, agone mokwanira, asewere ndi anzake, ndipo pakhomo pakhale wina womumvera.