Imelo Yanu pa Kompyuta ya Anthu Ambiri: Mafunso ndi Mayankho

Muulutsi: Yakwana nthawi ya makalata anu okhudza mafoni ndi makompyuta. Sabata ino ambiri mwadandaula za chinthu chimodzi, imelo imene mumatsegula pa kompyuta yogwiritsa ntchito anthu ambiri. Bambo, takulandirani.

Katswiri: Zikomo achemwali. Tiyeni tiwamve.

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti: "Ndine kalaliki pa sukulu ina ya sekondale. Mu ofesi muli kompyuta imodzi, ndipo ahedi, achiwiri awo ndi aphunzitsi tonse timadalira yomweyo. Tsiku lina mphunzitsi wina anandifunsa za ngongole imene ndinapempha kubanki, chonsecho sindinauzepo munthu. Nditafufuza ndinapeza kuti aliyense akatsegula Chrome n'kulemba Gmail, makalata anga amangotulukira okha. Ndingaike bwanji pasiwedi pa imelo yanga?"

Katswiri: Pepani kwambiri mayi, zimawawa nkhani ya m'thumba mwako kuimvera pakamwa pa munthu wina. Koma pasiwediyo ilipo kale, kungoti kompyuta inasiya kuifunsa. Mukalowa mu Gmail, mu Chrome mumatsala kachizindikiro konena kuti uyu tamuona kale, musamufunsenso. Kachizindikiroka sikachoka mukadina X wa pakona uja. Ngakhale muzimitse kompyuta, ngakhale magetsi athime, mawa mudzakapeza kali pomwepo. Kudina X kuli ngati kukoka chitseko osakhoma. Woyenda panjira amaona ngati patsekedwa, koma wongokankha walowa.

Ndiye mukamaliza, yang'anani kumtunda, kudzanja lamanja. Pali kabwalo kokhala ndi chithunzi chanu kapena chilembo choyamba cha dzina lanu. Dinani pamenepo, musankhe Sign out. Musanyamuke pampando musanaone kuti akukufunsaninso pasiwedi.

Chachiwiri n'chimene ambiri sachidziwa. Tsiku loyamba lija Chrome inakufunsani kuti Save password, ndipo mwina munavomera chifukwa chofulumira. Ngati munatero, kutuluka kokha sikukwanira, chifukwa kompyuta izilembera yokha pasiwediyo aliyense wobwera pambuyo panu. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wodziwa pasiwedi yotsegulira kompyutayo akhoza kudina kadiso kamene kali pamenepo n'kuwerenga yanuyo chilembo ndi chilembo. Dinani timadontho titatu ta pakona, mupeze Google Password Manager, mufufute yanu. Kenako sinthani pasiwedi lero lomwe, ndipo musinthire pa foni yanu. Chrome ikadzafunsanso, yankho ndi Never.

Muulutsi: Koma Bambo, munthu wa mu ofesi amadzuka kambirimbiri. Uku belu lalira, uku kholo labwera, uku ahedi akuitana. Adzikumbukira kutuluka nthawi zonse?

Katswiri: Sangakumbukire ayi, n'chifukwa chake mankhwala enieni ali pa kompyuta yeniyeniyo. Windows imalola kuti aliyense akhale ndi akaunti yake ndi pasiwedi yake pa kompyuta imodzi, ndipo salipiritsa ngakhale tambala. Mupite ku Settings, kenako Accounts, mupeza pamene palembedwa Other users. Kalaliki akhale ndi pake, ahedi pawo, aphunzitsi pawo. Aliyense akalowa amapeza Chrome yake ndi mafayilo ake okha. Mukamadzuka, gwirani batani la Windows pamodzi ndi chilembo L, kompyuta yakhomeka nthawi yomweyo. Mukabwera mupeza kalata munkalemba ija ili pomwe munaisiya.

Musasokoneze izi ndi mayina amene anthu amapanga mkati mwa Chrome, amene amati profile. Amenewo amangosiyanitsa zinthu kuti zisasakanikirane, koma alibe loko. Komanso dziwani kuti amene ali administrator pa kompyutayo ali ndi mphamvu yofika pa mafayilo a ena. Ine maganizo anga ndi akuti nkhani za ngongole, za kuchipatala ndi za m'banja musamazitsegule n'komwe pa kompyuta ya kuntchito. Zimenezo n'za pa foni.

Muulutsi: Pali mlembi wa mpingo wina ku Mulanje amene wafunsa zofanana, koma iwo akuti amagwiritsa ntchito Thunderbird, ndipo anaika kale pasiwedi.

Katswiri: Imeneyo amaitcha Primary Password. Ndi yabwino, koma imateteza mapasiwedi osungidwa basi. Thunderbird ndi Outlook zimakopera makalata anu n'kuwasunga m'kompyuta momwemo, ndiye amene anatsika kale munthu akhoza kuwawerenga. Yankho ndi lomwe lija, akaunti yawoyawo ya Windows.

Muulutsi: Tipite ku Mzuzu. Mnyamata uyu akuti: "Ndinamaliza sukulu ndipo ndikufunafuna ntchito. Ndilibe kompyuta, ndiye ndimapita ku kafe ya intaneti kukapangitsa scan masatifiketi ndi chiphaso cha unzika n'kutumiza. Imelo anandipangira ndi achimwene a pa kafepo, pasiwedi anasankhanso ndi iwowo. Pali vuto?"

Katswiri: Mphwanga, vuto lilipo, ndipo sindikunena kuti achimwenewo ndi oipa. Ambiri a iwo amathandiza ndi mtima wonse. Koma imelo imene pasiwedi yake ikudziwika ndi anthu awiri siinakhale yako. Ndipo pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa pasiwediyo. Popanga imelo amafunsa nambala ya foni yodzathandizira ukaiwala. Pa mzere pali anthu, nthawi ikutha, wa pa kafe amangoika yake. Kutanthauza kuti ngakhale usinthe pasiwedi kakhumi, mwini nambala uja akhoza kunena kuti waiwala, meseji ipita kwa iye, walowa. Kapena mawa kafeyo yatsekedwa, iye wasamukira ku Karonga, iwe waiwala pasiwedi, ndipo kalata yokuitana ku intavyu ili mkatimo.

Lowa mu akaunti yako ya Google pa foni, upite pa Security, uone nambala ndi imelo zimene zili pa recovery. Ika zako. Ukatero sintha pasiwedi, kenako yatsa 2-Step Verification. Njira imeneyi Google inaiyambitsa mu 2011, koma mpaka lero ambiri sanaiyatse. Ikayaka, wolowa pa kompyuta yachilendo amafunika pasiwedi komanso chilolezo chochokera pa foni yako. Ukamalowa pa kafe, akakufunsa ngati asadzafunsenso pa kompyuta imeneyo, usavomere.

Ukakhala pampando wa pa kafe, gwira Ctrl, Shift ndi N nthawi imodzi. Patseguka windo lakuda la Incognito. Pa Firefox ndi Ctrl, Shift ndi P. Ukatseka mawindo onse oterewa, kachizindikiro ndanena kaja kamafufutika. Koma usalikhulupirire mopitirira muyeso. Chimene watsitsa chimakhalabe mu Downloads. Ine ndakhalapo pa makompyuta a m'makafe n'kupeza pa sikirini pali ziphaso za anthu, nkhope, tsiku lobadwa, nambala, zonse zili poyera, eni ake anapita kalekale. Fufuta zako, utsegulenso Recycle Bin ufufute komweko, ndipo upemphe kuti afufutenso pa kompyuta imene anapangira scan ija. Chinanso, pali mapulogalamu oipa amene amalemba batani lililonse limene wadina, ndipo Incognito sangawaletse. Ndiye ngati uli ndi foni yolowa pa intaneti, apange scan, akutumizire pa foni, kalata yofunsira ntchitoyo utumize wekha. Pasiwedi yako isakhudze kiyibodi yawo n'komwe.

Muulutsi: Uthenga uwu wangofika kumene pa foni. Akuti ali m'basi kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mangochi, ndipo akumbukira kuti sanatuluke pa kompyuta imene anapulintira zikalata m'mawa.

Katswiri: Asatsike basi. Pa foni yomweyo alowe mu akaunti ya Google, Security, kenako Your devices. Aona mndandanda wa mafoni ndi makompyuta onse amene ali ndi imelo yawo. Adine kompyuta ya m'mawayo, asankhe Sign out, asinthenso pasiwedi. Akadzapeza kompyuta yodalirika, atsegule Settings ya Gmail aone pa Forwarding ndi pa Filters. Wakuba wochenjera safufuta kanthu. Amangolamula kuti kalata iliyonse yobwera izipitanso kwa iye, ndipo zimenezo zimapitirira ngakhale pasiwedi itasinthidwa.

Muulutsi: Kalata iyi ndi yovutirapo. Mayi wa ku Zomba akuti: "Kunyumba tili ndi laputopu imodzi, ine, bambo a kunyumba, ana ndi mlamu wanga. Ndine msungichuma wa banki m'khonde ndipo ndimalandira makalata a gulu. Nditati ndiike pasiwedi yanga, bambo anakhumudwa, akuti ndikubisa chiyani. Kodi ndalakwa?"

Katswiri: Simunalakwe mayi. Za m'banja mwanu sindingaweruze, koma ndinene izi. Zili mu imeloyo si zanu zokha. Muli mayina a amayi anzanu, amene anakongola, amene akulephera kubweza. Iwo anakhulupirira inu, sanakhulupirire nyumba yonse. Komanso pa laputopu ya pakhomo amene amaononga kawirikawiri si munthu wa mtima woipa. Ndi mwana amene akufuna masewera, wadina apa, wafufuta apo, watsitsa pulogalamu yobwera ndi kachilombo. Afotokozereni bambo choncho, ndipo tsiku lomwelo muwapangire nawonso akaunti yawo, ana yawo, mlamu yake. Zikakhala za aliyense, palibe amene amaona ngati akumutsekera kunja. Ya ana ndi ya mlamu ikhale standard, yosatha kuika mapulogalamu popanda chilolezo.

Ndipo kwa amene amalemba kutifunsa njira yolowera mu imelo ya mkazi wawo, ya mwamuna wawo kapena ya wantchito mnzawo, imeneyo sindiphunzitsa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo kulowa mu zinthu za pa kompyuta za munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Wolakwiridwa akhoza kukadandaula kupolisi.

Muulutsi: Yomaliza yachokera kwa agogo ena a ku Ntcheu, mphunzitsi wopuma. Akuti mapasiwedi amawaiwala, ndiye anaika chaka chawo chobadwa paliponse. Akufunsa ngati n'kulakwa kulemba papepala.

Katswiri: Agogo, lembani ndithu. Kabuku kosungidwa m'sutikesi kunyumba n'kabwino kuposa chaka chobadwa, chimene chili pa chiphaso chanu ndipo adzukulu onse akuchidziwa. Chosayenera n'kumata kapepalako pa kompyuta kapena kukabisa pansi pa kiyibodi, chifukwa aliyense amayamba kuyang'ana pamenepo.

Mphamvu ya pasiwedi ili pa kutalika kwake. Tengani mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, monga dzina la chipatso, la chida cha kumunda, la mbalame ndi la phiri, muwalumikize, muonjezere nambala. Sinditchula chitsanzo chenicheni pano chifukwa mawa theka la omvera likhala nacho. Mwambi wodziwika kapena vesi ayi, zimenezo munthu akhoza kuzilota. Ndipo ya imelo ikhale yakeyake, isafanane ndi ya Facebook kapena ina iliyonse. Kampani ya Yahoo inaberedwa mu 2013, ndipo pambuyo pake inavomera kuti maakaunti onse okwana 3 biliyoni anakhudzidwa. Akuba akapeza pasiwedi pamalo amodzi amakaiyesa kwina konse, ndipo akalowa mu imelo amatha kusinthira pomwepo mapasiwedi a zinthu zina zonse zimene munalembetsa ndi imeloyo.

M'kabuku komweko mulembemonso manambala apadera amene Google imapereka mukayatsa 2-Step Verification, otchedwa backup codes. Amakhala 10, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi. Foni ikatayika kapena ikabedwa, ndi amene adzakulowetseni. Nambala ya foni imene munalembetsayonso muziigwiritsa ntchito, chifukwa ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo mameseji a imelo yanu azipita kwa iyeyo.

Muulutsi: Nthawi yatithera, makalata otsala tiwawerenga sabata yamawa.